Kusiyanitsa amatsenga m'masewera a patebulo: wizard asamamveke ngati sorcerer

Patebulo la Dungeons & Dragons (masewera a nkhani amene aliyense amasewera ngati mtengambali mmodzi) pangakhale amatsenga anayi, aliyense ndi pepala lake ndi dzina la kalasi yake, kutanthauza mtundu wa mtengambali monga wizard kapena sorcerer, koma ndewu ikabuka onse n'kumachita zofanana: kuyendetsa chala pamndandanda, kutola tsenga lopweteka kwambiri, kuponya madayisi, n'kufufuta papepala umodzi mwa mipata yowerengeka yoponyera matsenga. Zikafika apa, dzina la kalasi latsala chovala chabe. Ambiri amathamangira kukonza vutoli ndi maonekedwe, kuti moto wa uyu ukhale wobiriwira, wa uyo wofiirira. Zimakometsa nkhani ndithu, koma wosewera samva kusiyana kulikonse m'manja mwake. Kusiyana kumene kumamveka kumachokera pa funso limene wosewera amalimbana nalo nthawi yake ikakwana. Makalasi awiri akamafunsa funso limodzi, patebulo amaseweredwa mofanana ngakhale mayina awo asiyane bwanji.

Malangizowa ndi a woyendetsa masewera, a wosewera amene akumanga mtengambali wake, ndiponso a munthu amene akulemba kalasi yakeyake. Manambala a D&D amene ali pano ndi a mabuku a kope lachisanu a 2014. Mabuku a 2024 anasintha ena mwa iwo, choncho muziyerekeza ndi buku limene lili patebulo panu.

Chisankho chimachitika liti

D&D yoyamba, imene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974, inali ndi makalasi atatu okha, ndipo awiri anali a matsenga: magic-user ndi cleric. Magic-user wa levulo 1 ankaloweza tsenga limodzi, ndipo akaliponya linkafufutika m'mutu mpaka tsiku lotsatira. Ganizoli linachokera m'nkhani za Jack Vance za The Dying Earth za 1950, n'chifukwa chake njirayi imatchedwabe ndi dzina la Vance. Sorcerer, amene amadziwa matsenga ochepa koma sayenera kuwakonzekera m'mawa, analowa m'kope lachitatu mu 2000. Kuyambira pamenepo pali misewu iwiri ikuluikulu. Wina amasankha m'mawa uliwonse wa m'nkhani. Wina amasankha kamodzi pokwera levulo, n'kukhala nazo zimene wasankhazo kwa miyezi yambiri ya masewera.

Tiyeni tiyike onse pa levulo 5, aliyense ali ndi +4 pa luso lake lalikulu. Wizard ali ndi matsenga osachepera 14 m'buku lake, 6 oyamba nawo ndi awiri pa levulo iliyonse imene wakwera, ndipo tsiku lililonse amakonzekera 9. Cleric amakonzekeranso 9, koma amatola pamndandanda wonse wa kalasi yake popanda buku, kuphatikizapo 6 a domain yake, gawo la ulamuliro wa mulungu wake, amene amakhala okonzeka nthawi zonse. Sorcerer amadziwa 6 basi. Warlock nayenso 6, bard 8.

Manambalawa akusonyeza kuti masewera a wizard amaseweredwa ndewu isanayambe. Funso lake ndi lakuti, kodi mawa tikumana ndi chiyani? Ntchito ya woyendetsa masewera ndi kumupatsa zomangira yankho. Osewera asanagone usiku wa m'nkhani, aponyereni zizindikiro ziwiri kapena zitatu za zimene zili kutsogolo: mapazi opsereza udzu, mlonda wonena kuti lupanga linangodutsa m'thupi la chilombo ngati mu utsi, mapu osonyeza mlatho wothyoka. Kukacha funsani mokweza kuti, "Lero mwakonzekera ati?" ndipo dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu kuti wizard, cleric ndi druid asinthe mapepala awo. Zizindikirozo zikhale zoona nthawi zambiri. Mukamanamiza kawirikawiri, wosewera amasiya kuzikhulupirira.

Chimene chimalakwika n'chodziwika bwino. Woyendetsa masewera akapanda kupereka zizindikiro, wizard amalemba mndandanda umodzi wa matsenga othandiza paliponse, ndipo sausinthanso mpaka nkhani itatha. Wasanduka sorcerer wa matsenga ochuluka. Sorcerer weniweni akamayang'ana mnzakeyo amadziona ngati wizard wosauka, ndipo akunena zoona, chifukwa mtengo umene wizard amayenera kulipira, wa kulakwitsa kukonzekera, wachotsedwa.

Funso la sorcerer ndi lina: zida zanga n'zochepa, ndiye ndizipinda bwanji kuti zigwire ntchito pano? Posankha matsenga 6 aja, asatenge atatu ogwira ntchito imodzi. Kagawidwe kamene kamathandiza ndi aka: limodzi lovulaza adani ambiri, limodzi lomanga kapena kusokoneza mdani, limodzi lodziteteza, limodzi loyendera kapena kuthawira, limodzi lothandiza mnzake, ndi limodzi la kunja kwa ndewu. Matsengawo asankhidwe pamodzi ndi Metamagic, njira zimene sorcerer amapindira matsenga ake, osati padera. Twinned Spell, imene imafikitsa tsenga limodzi pa anthu awiri, ilibe phindu kwa munthu amene matsenga ake onse ndi ophulika pamalo aakulu, chifukwa imagwira ntchito pa tsenga lolunjika munthu mmodzi.

Mphamvu ikatha imabwerera bwanji

Apa ndi pamene matebulo ambiri amaphera kusiyana kwa makalasi osadziwa.

Pa levulo 5, wizard, sorcerer, cleric, druid ndi bard onse ali ndi mipata 9, imene mabuku amaitcha spell slots: inayi ya levulo 1, itatu ya levulo 2, iwiri ya levulo 3. Imabwerera akapuma kwa maola 8. Warlock ali ndi mipata iwiri yokha, koma yonse ndi ya levulo 3, ndipo imabwerera akapuma ola limodzi. Dungeon Master's Guide ya 2014, buku la woyendetsa masewera, inawerengera tsiku la ndewu 6 mpaka 8 zapakatikati kapena zovuta, ndi kupuma kwakufupi pafupifupi kawiri. Chitani masamu. Gulu likapuma kawiri, warlock amaponya matsenga 6 a levulo 3 patsiku, pamene wizard amaponya awiri, kapena atatu akagwiritsa ntchito Arcane Recovery kubweza mpata umodzi waukulu. Koma gulu likamamenya ndewu imodzi yaikulu kenako n'kukagona, warlock ali ndi awiri, wizard ali ndi awiri omwewo kuphatikizapo ena 7. Kalasi imene inamangidwa kuti izigunda mwamphamvu pafupipafupi yasanduka yongoponya Eldritch Blast raundi iliyonse.

Eldritch Blast si tsenga lofooka. Pa levulo 5 limatulutsa mivi iwiri, ndipo ndi luso lowonjezera la Agonizing Blast uliwonse umavulaza 1d10 (dayisi limodzi la mbali 10) kuphatikiza 4, pafupifupi 19 yonse ikalasa, pamene Fire Bolt ya wizard imapereka 2d10, pafupifupi 11. Ndi dala: warlock anapatsidwa chida chodalirika chosatha chifukwa mipata yake ndi yochepa. Koma chida chimenecho chinayenera kudzaza nthawi yapakati pa matsenga aakulu, osati kukhala masewera ake onse.

Pali njira zitatu zokonzera. Yoyamba ndi kuyika wotchi m'nkhani: mwambo umene adani akuchita utha pakati pa usiku, ndiye gulu lingathe kupuma ola limodzi koma silingagone maola 8. Yachiwiri ndi lamulo la patebulo lofupikitsa kupuma kwakufupi kukhala mphindi 10, koma kosapitirira kawiri pakati pa kugona ndi kugona. Malire a kawiriwo musawaiwale, apo ayi warlock azidzaza mipata yake ndewu iliyonse ikatha. Yachitatu ili m'buku lija la Dungeon Master's Guide: kupuma kwakufupi kumakhala usiku wa maola 8, kupuma kwakutali kumakhala masiku 7. Imayenera nkhani za maulendo ataliatali, kumene ndewu imagwa kamodzi patsiku. Mukaisankha, onaninso matsenga otenga nthawi ngati Mage Armor, amene amakhala maola 8. Poyamba mpata umodzi unkateteza tsiku lonse la ntchito, tsopano ukuteteza kachigawo kochepa ka mlungu, choncho mwina muyenera kutalikitsa nthawi yake.

Makalasi ena amasiyana chifukwa ali ndi thumba lachiwiri pambali pa mipata. Sorcerer wa levulo 5 ali ndi ma sorcery point 5. Kuponya Haste pa anzake awiri nthawi imodzi ndi Twinned Spell kumadya 3. Quickened Spell, imene imafulumizitsa tsenga, imadya 2, Subtle Spell 1, ndipo kupanga mpata watsopano wa levulo 3 kumadya onse 5. Thumba ndi limodzi, zogula n'zambiri, ndipo kukoma kwa kalasiyi kuli pakusankha pakati pa zimenezi ndewu ili mkati. Kumbutsani wosewera lamulo limene ambiri amaliphonya: akaponya tsenga ndi bonus action, chochita chofulumira chowonjezera, lina limene angaponye nthawi yomweyo ndi cantrip yokha, tsenga laling'ono losadya mpata. Fireball iwiri pa nthawi imodzi siloledwa kudzera pa Quickened Spell.

Druid ali ndi Wild Shape, mphamvu yosandulika nyama, kawiri pakati pa kupuma ndi kupuma, ndipo ali m'thupi la nyama sangaponye tsenga mpaka levulo 18. Koma kusandulika sikudula concentration, kuika maganizo kumene kumasunga tsenga likugwirabe ntchito. Ndiye druid wodziwa amayamba waponya Call Lightning kapena Moonbeam, kenako n'kusanduka chimbalangondo kapena nkhandwe, tsenga lija likugwirabe ntchito. Masewera ake ndi a ndondomeko, chiyambe n'chiti, chitsatire n'chiti, ndipo palibe wamatsenga wina amene amaganiza motero. Bard amawononga thumba lake pa ena: pa levulo 5 ali ndi madayisi a d8 anayi a Bardic Inspiration, ndipo maso ake amakhala pa mapepala a anzake. Paladin amawotcha mipata pa Divine Smite, imene imawonjezera kuvulaza kwa lupanga ndi 2d8 pa mpata wa levulo 1, ndipo amasankha lupanga litalasa kale. Kwa iye mpata ndi nkhuni zamoto, si tsenga.

Kumene matsenga atsopano amachokera

Buku la wizard ndi chinthu chogwirika m'dziko la m'nkhani, ndipo woyendetsa masewera akaliiwala, theka la kalasiyi lafa. Kukopera tsenga kuchokera pampukutu kapena m'buku la mdani kumadya maola 2 ndi ndalama zagolide 50 pa levulo iliyonse ya tsengalo. Tsenga la levulo 3 ndi maola 6 ndi golide 150. Kulemba buku lachiwiri losungira kumatsika mtengo, ola limodzi ndi golide 10 pa levulo, chifukwa wizard akukopera zolemba zake zomwe. Kuti zimenezi zigwire ntchito pamafunika zinthu zitatu zimene woyendetsa masewera yekha angapereke: matsenga oti apezeke, ndalama, ndi nthawi yokhala pansi. Muyezo wabwino woyambira ndi tsenga limodzi kapena awiri opezeka pa levulo iliyonse imene gulu lakwera. Ena akhale amene wosewera sakanawasankha yekha, monga Water Breathing kapena Tongues, chifukwa amenewa ndi amene amachititsa kukonzekera kwa m'mawa kukhala nkhani yoganizira.

Musaiwalenso miyambo. Tsenga lolembedwa kuti ritual lingaponyedwe popanda kuwononga mpata ngati munthu awonjezera mphindi 10. Cleric ndi druid ayenera kukhala atalikonzekera tsikulo, koma wizard amaliwerenga m'buku ngakhale sanalikonzekere. Detect Magic, Identify, Comprehend Languages ndi Alarm zimamupanga munthu wa mayankho nthawi ikakhalapo. Sorcerer alibe mwayi umenewu n'komwe. Mukamalola aliyense kuponya miyambo mwaulere pofuna kufulumizitsa masewera, mwalanda wizard munda wake.

Kuwotcha kapena kuba buku ndi nkhani yoopsa. Chitani zimenezi pokhapokha wosewera anachenjezedwa ndipo anali ndi mpata wolemba buku lachiwiri.

Mawu, manja ndi zipangizo

Tsenga lililonse la D&D limalembedwa ndi zilembo V, S ndi M: mawu olankhula, kayendedwe ka manja, ndi zipangizo. Matebulo ambiri amazinyalanyaza, ndipo amataya nazo njira yosavuta yosiyanitsira amatsenga. Subtle Spell imachotsa mawu ndi manja pa pointi imodzi. Ngati patebulo panu wizard angaponye Charm Person pamaso pa mfumu popanda alonda kuona, ndiye kuti sorcerer wagula chinthu chimene mnzake akuchipeza chaulere. Gwirizanani pa tsiku loyamba kuti mawu a tsenga amamveka ngati munthu akulankhula momveka bwino, ndipo manja amaoneka kwa aliyense amene akuyang'ana. Mukatero, sorcerer yekha ndi amene angalodze munthu pakati pa phwando, angaponye tsenga atamangidwa manja, angagwire ntchito mkati mwa Silence, tsenga lozimitsa mawu, ndiponso nthawi zambiri angazembe Counterspell, tsenga loletsa tsenga la wina, popeza woponya Counterspell ayenera kuona kuti wina akuponya tsenga.

Zipangizo zopanda mtengo, ngati ndowe za mleme ndi sulufule za Fireball, musavutike kuziwerenga, chifukwa ndodo kapena thumba la zipangizo limalowa m'malo mwake. Zamtengo ndi nkhani ina. Ngale ya golide 100 ya Identify ndi madayamondi a golide 300 a Revivify ziyenera kugulidwa ndi kunyamulidwa, ndipo madayamondiwo amatha tsenga likaponyedwa. Cleric amene ali ndi madayamondi okwana kudzutsa munthu mmodzi, pamene agwa ndi awiri, ali ndi funso limene wizard sadzakumana nalo.

Zimene kalasi singathe

Mndandanda wa matsenga umasiyanitsa makalasi kudzera m'matsenga amene sali pamndandandapo. Wizard wa 2014 alibe Cure Wounds. Cleric wamba alibe Fireball. Kope lachisanu linatsegula zitseko zambiri pamakoma amenewa: cleric wa Light domain ali ndi Fireball, warlock wa Fiend angaliphunzire, ndipo bard pa levulo 10 amatola pamndandanda uliwonse kudzera pa Magical Secrets. Chitseko chimodzi chimakoma, chifukwa wosewera amamva kuti ali ndi chinthu chimene anzake a kalasi yake alibe. Zitseko zikachuluka, aliyense pa levulo 5 amakhala ndi 8d6 yomweyo yophulika mapazi 20 mbali zonse, ndipo mwabwerera patebulo lija la amatsenga anayi ochita zofanana.

Pathfinder ya kope lachiwiri, imene Paizo inatulutsa mu 2019, inagawa matsenga m'mitundu inayi: arcane, divine, occult ndi primal. Heal ili ku divine ndi primal, Fireball ili ku arcane ndi primal. Mndandanda suli wa kalasi, ndipo sorcerer amatenga mtundu wa matsenga malinga ndi magazi amene anabadwa nawo. Izi zinakakamiza olemba kusiyanitsa makalasi ndi kachitidwe, popeza makalasi awiri angagawane mndandanda umodzi. Masewerawa ali ndi phunziro linanso. Aliyense ali ndi zochita zitatu pa nthawi yake, ndipo Heal imasintha malinga ndi zochita zimene waperekapo: chimodzi, uyenera kumugwira munthuyo, ziwiri, umamufikira pa mapazi 30 ndipo umachiritsa kwambiri, zitatu, umachiritsa onse okuzungulira. Tsenga limodzi, mafunso atatu.

Gulu likamamanga atengambali, yalani mapepala onse pamodzi. Tsenga lalikulu likapezeka pa mapepala atatu, pemphani awiri asankhe lina.

Tsenga likalephera

Mu D&D tsenga limaponyedwa nthawi zonse. Lingaphonye, mdani angalizembe, koma silimubwerera woponya. Masewera ena anamanga umunthu wonse wa kalasi pa kulephera, ndipo ndi bwino kuwadziwa ngakhale simuwasewera.

Mu Dungeon Crawl Classics, ya Goodman Games ya 2012, wamatsenga amaponya d20 pa tsenga lililonse, ndipo nambala ikakwera tsenga limakula mphamvu. Wizard akalephera nthawi zambiri amataya tsengalo kwa tsikulo, ndipo akaponya 1 thupi lake lingapunduke ndi matsenga. Angathenso kuwotcha mphamvu za thupi lake, Strength, Agility kapena Stamina, kuti akweze nambala. Cleric sataya tsenga. M'malo mwake mulungu wake amayamba kukwiya: m'mawa chilango chimagwa akaponya 1 yekha, koma kulephera kulikonse kumakulitsa malirewo ndi nambala imodzi. Akalephera katatu, chilango chimagwa pa 1 mpaka 4, kutanthauza kuti ngozi yakwera kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 20 peresenti. Dayisi ndi lomwelo, koma wizard amawerenga thupi lake pamene cleric amawerenga kuleza mtima kwa mulungu wake. M'kuona kwathu, palibe masewera amene anasiyanitsa awiriwa bwino ndi malamulo ochepa chonchi.

Dungeon World imagwiritsa ntchito 2d6. Pa 10 kapena kuposa, tsenga layenda. Pa 7 mpaka 9 layendanso, koma wosewera amasankha mtengo: kudziyika pangozi kapena kukopa maso osafunika, kulandira chilango chochotsa 1 pa madayisi a matsenga otsatira, kapena kutaya tsengalo mpaka atakonzekeranso. Munthu wa +2 amagwera pakatipa maulendo 15 mwa 36, pafupifupi 42 peresenti, ndiye kusankha mtengo ndi gawo la masewera ake a tsiku ndi tsiku.

Mu D&D, sorcerer wa Wild Magic ndi amene ali pafupi ndi zimenezi, ndipo kawirikawiri amakhumudwitsa chifukwa lamulo linasiyira woyendetsa masewera kusankha nthawi yoponya d20 yoona ngati matsenga abweretsa chipwirikiti, chimene chimabuka 1 akatuluka. Akaiwala, kalasiyo ilibe kanthu. Ngakhale ataponya pa matsenga onse 9 a tsiku, mwayi woti 1 atuluke kamodzi ndi pafupifupi 37 peresenti. Njira yofulumira ili kale m'malamulo: wosewera akagwiritsa ntchito Tides of Chaos, luso lomupatsa mwayi wowonjezera pa dayisi, muuzeni aponye d100 pa mndandanda wa zipwirikiti akangoponya tsenga lotsatira, kenako Tides of Chaos imabwerera. Iye ndiye amayamba kudziitanira chipwirikiti. Musapereke ngozi zotere kwa amatsenga onse. Zimasiyanitsa kalasi chifukwa ena alibe.

Mwini wake wa mphamvu

Cleric ndi warlock ali ndi wina pamwamba pawo, wizard ndi sorcerer alibe. M'malamulo a 2014 ubalewu umaoneka pang'ono: Channel Divinity, mphamvu yapadera yochokera kwa mulungu, kuyambira levulo 2, ndi Divine Intervention pa levulo 10, pamene cleric amaponya d100 ndipo mulungu amayankha nambala ikakhala yofanana ndi levulo yake kapena yocheperapo. Zotsalazo zili m'manja mwa woyendetsa masewera.

Siyanitsani awiriwa motere. Cleric ali ndi malamulo odziwika, kachisi, akuluakulu ndi anthu wamba amene amayembekezera kanthu kwa iye. Lembani ndi wosewera malamulo atatu a chikhulupiriro chake, ndipo limodzi likhale lotsutsana nthawi zina ndi zofuna za gulu, monga kuyika m'manda wakufa aliyense ngakhale adani akulondola. Warlock ali ndi pangano, ndipo pangano limakhala ndi zimene wapatsidwa, zimene ali nazo ngongole, ndi tsiku lolipira. Mwini panganolo apemphe kanthu kamodzi pa magawo atatu kapena anayi a masewera, kakang'ono ndi kooneka ngati kopanda vuto: kusiya kandalama pakhomo lina, kufunsa dzina lenileni la munthu, kusatsegula chitseko china. Tanthauzo lake lidzaoneke patsogolo.

Cholakwika chofala ndi kugwiritsa ntchito mulungu kapena mwini pangano ngati ndodo yomenyera wosewera. Kumulanda matsenga mwadzidzidzi chifukwa sanachite zimene mumafuna kumamusiya munthu atakhala patebulo maola atatu wopanda chochita. Kambiranani pasadakhale zimene zimachitika pangano likaswedwa, ndipo yambani ndi zotsatira za m'nkhani: maloto oipa, mthenga wobwera kudzatenga ngongole, kachisi wotseka zitseko.

Mukamalemba kalasi yanuyanu

Yambani ndi chiganizo chimodzi chonena funso la wosewera, musanalembe tsenga ngakhale limodzi. Mwachitsanzo: wamatsenga wa zilembo amajambula zizindikiro pansi ndewu isanayambe, ndiye funso lake ndi lakuti mdani adzaima pati. Kenako sinthani zinthu ziwiri zokha mwa izi: nthawi yosankha matsenga, mtengo ndi kabweredwe kake, kumene matsenga atsopano amachokera, zimene zimachitika akalephera, ndi zimene sangathe. Mukasintha chimodzi, mwangolemba nthambi ya kalasi imene ilipo kale. Mukasintha zonse zisanu, simudzatha kuyeza ngati mphamvu yake ikufanana ndi ya ena.

Ngati mukufuna matsenga opangidwa pomwepo, phunzirani Ars Magica, imene Jonathan Tweet ndi Mark Rein-Hagen anatulutsa mu 1987. Ili ndi aneni 5 ndi mayina 10 a Chilatini, ndipo tsenga lililonse ndi kuphatikiza awiri: Creo Ignem ndi kulenga moto, Rego Aquam ndi kulamulira madzi. Tsenga lophunziridwa kale limakhala lamphamvu, lopangidwa pomwepo limakhala lofooka kwambiri. Kusiyana kumeneko ndi kumene kumateteza masewera. Kalasi yopanga tsenga lililonse pa mphamvu yonse imameza makalasi ena onse, ndipo imachedwetsa tebulo chifukwa nthawi iliyonse pamakhala kukambirana ndi woyendetsa masewera. Lembani pasadakhale zitsanzo 10 zokhala ndi manambala, kuti zatsopano muziziyerekeza nazo.

Kumbukiraninso zimene zinachitikira kope lachinayi la D&D la 2008. Makalasi a m'buku loyamba la osewera anali ndi chimango chimodzi cha mphamvu za nthawi zonse, za kamodzi pa ndewu, ndi za kamodzi patsiku. Kufanana mphamvu kunayenda bwino, ndipo zimene mphamvuzo zinkachita pabwalo zinali zosiyana, koma osewera ambiri anadandaula kuti wizard ndi fighter ankamveka ofanana, chifukwa onse ankawerenga chuma chawo mofanana.

Yang'anirani ma levulo awiri oyamba. Mukayika chida chabwino kwambiri cha kalasi pa levulo 1 kapena 2, osewera a makalasi ena adzabwera kudzachitola n'kubwerera kwawo. Zimachitika kale ndi warlock: ma levulo awiri amapereka Eldritch Blast ndi Agonizing Blast, ndipo mivi imachuluka malinga ndi levulo yonse ya mtengambali, ndiye sorcerer, bard kapena paladin, amene onse amadalira Charisma, amachipeza pa mtengo wotsika. Mangani chida chachikulu kuti chizikula ndi levulo ya kalasi yanuyo.

Pomaliza pa kulemba pamabwera kuyesa. Konzani tsiku limodzi la m'nkhani pa levulo 5: ndewu zinayi, kupuma kwakufupi kawiri, vuto limodzi lofuna kulankhula ndi limodzi lofuna kufufuza. Liseweretseni kawiri, koyamba ndi wizard wa m'buku, kachiwiri ndi kalasi yanu. Wina alembe zimene wosewera anachita raundi iliyonse ndi chifukwa chake, osatchula mayina a matsenga kapena a kalasi, mwachitsanzo "anasunga mphamvu poyembekezera ndewu yaikulu" kapena "anadzivulaza kuti tsenga likule". Perekani mapepala awiriwo kwa munthu amene sanali patebulo. Akalephera kudziwa kuti liti ndi la wizard, bwererani ku chiganizo choyamba chija, musinthe chimodzi mwa zinthu ziwiri zimene munasankha, ndipo museweretsenso tsiku lomwelo ndi adani omwewo kuti muone ngati pepala lasintha.